Adaputa ya turntable yafa, yalembedwa 16V ~ 500mA. Ina ndingaipeze kuti?

MbaleZakale:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Turntable yanga (makina oimbira mbale za nyimbo), ya lamba, yasiya kuzungulira kuchokera pamene magetsi anabwera usiku wa Lachiwiri. Adaputa yake siikufunda n'komwe monga imachitira kale. Pamsana pake palembedwa INPUT 230V 50Hz, OUTPUT 16V ~ 500mA. Ndinayesa adaputa ya rauta ya 12V 1A poti kamutu kake kamalowa bwino, koma platter, chozungulira choikapo mbale chija, siinasunthe, pule ya mota inangolimba ngati wina waigwira, ndiye ndinazula msanga. Ku Limbe andionetsa adaputa ya laputopu ija yosankha ma volt, ndipo 16V ilipo pa manambala ake. Ndigule imeneyo? Kapena vuto si adaputa?

Ntopwa_Sound:
Gulani imeneyo basi. 16V ndi 16V, ndipo ma amp ake ndi ambiri.

WaMawaya:
Imani kaye achimwene, musanatulutse ndalama. Onaninso kachizindikiro kali pakati pa 16V ndi 500mA. Kamzere kopindika ngati njoka kaja kakutanthauza AC, magetsi opita ndi kubwerera. Ikanakhala DC, magetsi oyenda mbali imodzi, mukanaona mzere woongoka wokhala ndi timizere todukaduka pansi pake. Ma adaputa a laputopu, a rauta ndi a dikoda pafupifupi onse amatulutsa DC, choncho 16V ya pa adaputa yosankha ija si imene makina anu akufuna.

Mota ya ma turntable amtundu umenewu ndi ija amati synchronous. M'kati mwa adaputa yanu mulibe china koma thiransifoma yotsitsa 230V kufika pa 16V, ndipo magetsi amatuluka akupita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi monga analowera. Kupita ndi kubwerera kumeneko ndi komwe kumakoka mota kuti izungulire, ndi komwenso kumasunga liwiro la mbale. Mukaipatsa DC, koyilo imasanduka maginito oima malo amodzi n'kuigwira mota kuti isasunthe. Ndiko kulimba munamva pa pule kuja. Munachita bwino kuzula, chifukwa DC ikakhalitsa koyilo imatentha mpaka kupsa.

Ntopwa_Sound:
Nanga yanga ikuyenda bwanji ndi adaputa ya 12V ya pamsika? Chaka chachiwiri chino.

Singano33:
Yanu ndi mtundu wanji, a Ntopwa?

Ntopwa_Sound:
Audio-Technica AT-LP60X.

Singano33:
Imeneyo ndi ya DC, nchifukwa chake. Mota yake ili ndi kabolodi kakekake kosunga liwiro, imangofuna 12V DC yokhazikika. Makinawa sanafanane ngakhale kunja aoneke chimodzimodzi. Pro-Ject akale monga Debut III amadya 16V AC, koma Debut Carbon DC yomwe inabwera pambuyo pake imadya 15V DC. Kampani imodzi, dzina lofanana, ma adaputa osasinthanika. Rega Planar zatsopanozi zimadya 24V AC. Technics SL-1200MK2 ilibe adaputa n'komwe, thiransifoma ili m'kati. Ndiye pamene wina wafunsa, tisamayankhe potengera makina athu. Tiziwerenga zolembedwa kumbuyo kwa makina a wofunsayo, pafupi ndi pobayira.

Ntopwa_Sound:
Ndamva. Kanjoka kaja sindimakalabadira.

WaMawaya:
A MbaleZakale, tisanaike adaputa m'manda tiyeni titsimikize kuti yafadi. Muli ndi multimeter, mita yoyezera magetsi ija?

Yambani ndi soketi, bayanipo chinthu china muone ngati ili ndi moto. Ngati adaputa yanu ndi ija yokhala ndi nthambo ndi pulagi ya mano atatu payokha, tsegulani pulagi muyeze fyuzi. Kenaka ikani mita pa AC volts, pa 20 ngati ilipo, apo ayi pa 200. Bayani adaputa, waya mmodzi wa mita mulowetse m'kabowo ka kamutu, wina mukhudzitse chitsulo chakunja. Thiransifoma yamoyo yopanda katundu imaonetsa kuposa zolembedwa, 17V, 18V ngakhale 19V, ndipo zimenezo si vuto. Mukuyeza choncho gwedezani nthambo pamene yatulukira mu adaputa ndi pamene yalowera m'kamutu. Nambala ikamabwera n'kumachoka ndiye kuti waya waduka m'kati mwa pulasitiki, mungodula pamenepo n'kulumikizanso.

Ikaonetsa 0 nthawi zonse, zulani pakhoma, ikani mita pa ohms, muyeze pakati pa mano awiri a live ndi neutral. Koyilo yolowera ya thiransifoma yaing'ono ngati imeneyi imakhala ndi ma ohm mazana angapo. Mita ikaonetsa OL kapena 1 yekha kumanzere, njira yaduka. Yezaninso ku kamutu, kumeneko muyenera kuona ma ohm ochepa chabe.

MbaleZakale:
Ndayeza. Soketi ili bwino. Kotulukira 0V, kugwedeza nthambo sikukusintha kanthu. Ku kamutu pali ma ohm ngati 3, koma pa mano awiri aja OL.

WaMawaya:
Ndiye mbali yolowera yaduka. Kawirikawiri imakhala thermal fuse, kafyuzi kamene amakakwirira pansi pa tepi ya koyilo. Kamaduka thiransifoma ikatentha kupyola muyezo, kapena magetsi akabwera mokwera.

Bambo_Sodala:
Imeneyo ndi ntchito ya mphindi khumi. Ng'ambani bokosi, pezani kafyuziko, dumphitsani ndi waya, imatani. Iyenda ngati yatsopano.

Mayi_Ohm:
Iyendadi, koma musawaphunzitse zimenezo bambo. Kafyuzi kameneko ndi kokhako koteteza nyumba thiransifoma ikayamba kupsa m'kati. Kakaduka chifukwa chakuti vanishi wa mawaya wayamba kusungunuka ndipo mizere ina yakhudzana, inu n'kukadumphitsa, thiransifoma idzatentha popanda choiletsa, ili m'bokosi la pulasitiki kuseri kwa kabati. Ofuna kukonza aike kena ka madigiri omwewo olembedwa pa kakaleko. Ndipo polumikiza asamale, kutentha kwa soldering iron kumakadula kasanagwire n'komwe ntchito. Gwirani mwendo wake ndi pulayazi pakati pa kafyuzi ndi pomwe mukuwotcherera kuti kutentha kuthere mu pulayazi, kapena ingofinyani ndi kachitsulo kolumikizira osawotcherera.

Bambo_Sodala:
Timafyuzi timeneto timapezeka kuti, mayi? Anthu amadumphitsa chifukwa chosowa.

Mayi_Ohm:
Kwa okonza mafani ndi ma rice cooker kumakhala. Koma werengani nambala. Ta mu rice cooker ndi mu ayironi n'ta madigiri okwera kwambiri, sitingateteze thiransifoma. Ta mu mota ya fani ndi tomwe timayandikira. Komabe kwa ine, bokosi lomata likang'ambidwa silibwereranso mwakale, ndipo muli 230V. Kuli bwino kupeza thiransifoma ina.

MbaleZakale:
Inenso ndikufuna ina. Koma m'masitolo amagetsi ndikati AC akundipatsa yolembedwa "AC adapter" yomwe kotulukira kwake ndi DC.

Singano33:
Eya, mawu akuti AC adapter amangonena kuti imabayidwa pakhoma. Mzere wa OUTPUT wokha ndiwo muziwerenga. Chinanso, inyamuleni m'manja. Ya AC imalemera chifukwa muli chitsulo ndi kopa. Ikapepuka ngati tchaja ya foni, komanso palembedwa INPUT 100-240V, imeneyo ndi switch mode ndipo imatulutsa DC.

Alamu_Tech:
Mukusaka kolakwika. Pitani kwa oika ma alamu a m'nyumba. Ma panelo ambiri a alamu amadya 16V AC kapena 16.5V AC, ndiye thiransifoma zake amakhala nazo, zatsopano ndi zochotsedwa m'nyumba za anthu. Zimabwera za 1A kupita m'mwamba. Ndipo amene ali ndi makina a 24V AC, afunse kwa ogulitsa zothirira kapinga zodzitsegula zokha kapena makamera a CCTV ozungulira aja, zambiri mwa zimenezo ndi 24V AC.

MbaleZakale:
1A siiwotcha mota? Yanga inali 500mA.

Alamu_Tech:
Ayi. Nambala ya ma amp ikunena zimene thiransifoma ingathe kupereka, osati zimene imakankhira m'makina. Mota imatenga zomwe ikufuna basi. Ma volt afanane, AC ikhale AC, ma amp akhale omwewo kapena ochulukirapo. Ochepera ndiwo oipa, thiransifoma imatentha ndipo ma volt amagwa.

WaMawaya:
Ndivomereze koma ndionjezepo ziwiri. Thiransifoma yaikulu, tinene ya 40VA, mota yaing'onoyi siimva kulemera kwake, ndiye ma volt satsika kufika pa nambala yolembedwa. Yakale ija inali ya 8VA basi, ma volt 16 kuchulukitsa ndi theka la amp. Choncho sankhani yaing'ono mwa zomwe zilipo, ndipo muyeze mota ikuzungulira. Pakati pa 15V ndi 17.5V ine sindidandaula. Ikamafika 19V mota ikuyenda, idzafunda kwambiri komanso kunjenjemera kwake kudzamveka mu sipika.

Chachiwiri, thiransifoma yaikulu imatha kupereka moto wambiri china chake chikagundana m'kati mwa turntable. Ikani fyuzi ya galasi ya T500mA pa waya mmodzi wotuluka, m'kabokosi kake kapanthambo. T ameneyo ndi wofunika, akutanthauza yochedwa kuduka.

Kamutu musasake kena. Dulani nthambo ya adaputa yakufayo pafupi ndi bokosi, muimange pa zomangira za thiransifoma yatsopano. Poti ndi AC palibe positive kapena negative, waya aliyense apite paliponse.

Chilomoni_HiFi:
Pa nkhani ya timitu, a DC amve izi. Pali 5.5 x 2.1mm ndi 5.5 x 2.5mm, kunja n'tofanana. Ka 2.5 kamalowa pa pini ya 2.1 koma kamagwedera, ndiye makina amazima n'kumayaka, munthu n'kumaganiza kuti mota yatha. Ka 2.1 pa pini ya 2.5 sikalowa, osakakamiza. Ndiponso onani kachithunzi ka polarity, kadontho pakati ndi + ndi - m'mbali. Zambiri ndi positive pakati, koma ma adaputa a 9V a ma pedal a gitala ndi negative pakati. M'matchalitchi momwe zida zimasungidwa m'bokosi limodzi, kusinthana kumeneku kumaononga zinthu.

Kaunjika_Japan:
Pepani ndilowerere ndi langa. Ndapeza turntable ya lamba yolembedwa 100V 60Hz. Ndili ndi step-down ya 110V. Ikuyenda koma oimba onse akumveka ngati atopa, mawu akukokeka. Ndi ma volt?

Singano33:
Si ma volt, ndi ma hertz (Hz), nambala ya maulendo amene magetsi amapita ndi kubwerera pa sekondi. Ku Japan magetsi ndi 100V, koma dzikolo linagawika pawiri, chakum'mawa monga Tokyo ndi 50Hz, chakumadzulo monga Osaka ndi 60Hz. Yanu inapangidwira 60. Kuno ndi 50, ndipo step-down imatsitsa ma volt okha, ma hertz imawasiya momwemo. Mota ya synchronous ya mapolo 24 imazungulira ka 300 pa mphindi pa 60Hz, koma ka 250 pa 50Hz. Ndiye mbale yoyenera kuzungulira ka 33⅓ pa mphindi ikuyenda pafupifupi 27.8, ya 45 ikuyenda 37.5. N'chimodzimodzi ndi za ku America za 120V 60Hz.

Mankhwala ake ndi pule ya 50Hz, yomwe ndi yonenepa kuposa ya 60Hz ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Yang'anani pansi pa platter, makina ena a ku Japan ankabwera ndi pule yachiwiri yomangiriridwa pamenepo.

Bambo_Sodala:
Kulungani tepi pa pule mpaka liwiro likwane.

Singano33:
Tepi siikhala yobulungira bwino, polumikizira pamakhala kaphiri, ndipo mudzamva piyano ikugwedezeka pa noti iliyonse yaitali. Wa lathe angakutembenuzireni ina ya brass mukampatsa yakaleyo ndi muyezo, dayamita yakale kuchulukitsa ndi 1.2. Muuzeni asiye pakati potukuka pang'ono ngati mmene yakale ilili, ndi pomwe pamasunga lamba kuti asakwere kapena kutsika.

Mayi_Ohm:
Ndipo 110V pa makina a 100V a 60Hz omwe akuyenda pa 50Hz ndi katundu pawiri. Chitsulo cha thiransifoma kapena mota yopangidwira 60Hz chimafunda kwambiri pa 50Hz ngakhale ma volt ali oyenera. Pezani step-down yotulutsa 100V yeniyeni, ndipo muzikhudza mota pakatha theka la ola. Kufunda kuli bwino, koma ikamakana chala muizimitse.

Gumbagumba_77:
Nchifukwa chake magumbagumba a makolo athu anali abwino. Mabatire a tochi, mota ya DC, palibe za ma hertz. Ndipo lero munthu wa DC 12V atha kuimba pa batire ya sola magetsi atazima.

Chilomoni_HiFi:
Atha, koma osalumikiza mwachindunji. Batire ya 12V yodzadza imaonetsa 12.7V, ndipo ikamatchajidwa ndi sola imakwera kupitirira 14V. Pakati pakhale regulator ya 12V ndi fyuzi pafupi ndi batire. Ubwino wake, batire ilibe phokoso la magetsi, nyimbo zimamveka zoyera.

Ntopwa_Sound:
Nanga a AC aja pa inveta?

WaMawaya:
Zimatengera inveta. Ya pure sine wave ili bwino, zambiri zimasunga 50Hz mosasunthika. Ya modified sine wave, zotchipa zija, imatulutsa magetsi a makona. Thiransifoma imalira ndi kutentha, mota imanjenjemera, phokoso limalowa mu singano. Jenereta yaing'ono ndiye vuto lina, ma hertz ake amatsatira injini. Wina akayatsa ketulo injini imagwa, nyimbo nayo imagwa. Makina a quartz lock monga Technics tatchula ija sasamala zimenezi chifukwa liwiro amalitenga ku kristalo wa m'kati, osati ku magetsi a pakhoma.

Alamu_Tech:
Tibwerere kwa mwini funso. Mwapeza?

MbaleZakale:
Ndapeza ya 16V AC 1A kwa oika ma alamu. Ndamanga nthambo yakale, ndaika fyuzi. Yopanda katundu 17.9V, ndikayatsa 17.1V. Koma pabuka china. Mota ikungonjenjemera, mpaka ndiikankhe ndi chala ndi pomwe ikuyamba. Kamodzi inayamba chobwerera m'mbuyo. Kodi ndinaiwotcha ndi 12V ija?

Bambo_Sodala:
Mota yatha imeneyo.

Mayi_Ohm:
Musafulumire. Mota yoyenda mbali iliyonse yomwe mwaikankhira ndiye kuti ikukokedwa ndi koyilo imodzi yokha. Mota zimenezi zili ndi makoyilo awiri. Imodzi imalandira magetsi mwachindunji, inayo imalandira kudzera mu kapasita, yomwe imasiyanitsa nthawi ya makoyilo awiriwa kuti mota idziwe kolowera. Kapasita ikafooka, kapena waya wake akamasuka, zimachitika ndi zomwe mukuonazo.

Zulani magetsi, chotsani lamba ndi platter, mangani mkono wa singano pa choikira chake, ndipo mutembenuze makina pa pilo. Tsatirani mawaya a mota kufika pa kabolodi kakang'ono. Jambulani ndi foni musanamasule chilichonse. Masulani mawaya a mota muyeze makoyilo awiriwo pa ohms. Akafanana kapena kusiyana pang'ono, mota ili moyo. Imodzi ikaonetsa OL kapena yatsika kwambiri kuposa inzake, pamenepo ndiye Bambo_Sodala alondola.

Makoyilo akakhala bwino sinthani kapasita. Ma microfarad akhale omwewo olembedwa pa yakale, osati oyandikira, chifukwa mukasintha nambala mota imanjenjemera. Ma volt ake atha kukwera. Ndipo ikhale yopanda polarity, ya film kapena yolembedwa NP kapena BP. Electrolytic wamba wokhala ndi mzere wa minus pambali sakhalitsa pa AC.

WaMawaya:
Muli momwemo yang'anani zowotcherera za pa soketi ya magetsi ndi pa switch. Pobayira pamagwedezeka zaka zambiri, mtovu umang'aluka mozungulira mwendo ngati kamphete. Ndi galasi lokulitsa mumaona.

MbaleZakale:
Makoyilo afanana. Kapasita inali yotupa pamwamba, ndipo mwendo umodzi unali utachita dzimbiri. Ndaika ya film ya nambala yomweyo. Tsopano ikudzuka yokha, mbali yoyenera nthawi zonse. Zikomo kwambiri mayi. Liwiro ndingalitsimikize bwanji popanda chida?

Singano33:
Matani kachidutswa ka tepi m'mphepete mwa platter, ikani mbale, tsitsani singano, muwerenge. Pa 33⅓ tepi iyenera kudutsa ka 100 pa mphindi zitatu ndendende. Pa 45 ndi ka 45 pa mphindi imodzi, koma werengani ka 135 pa mphindi zitatu kuti kulakwitsa kwa chala pa wotchi kuchepe. Poyamba kuwerenga nenani ziro, osati wani. Ma app a pafoni oyeza RPM amathandiza, koma foni yolemera yoikidwa pambali imasokoneza platter yopepuka.

Ikachedwa, musaimbe mlandu thiransifoma, ma volt sasintha liwiro la mota imeneyi. Ndi lamba wotanuka, mafuta pa pule, kapena bearing youma. Pukutani pule ndi m'mphepete moyenda lamba ndi spirit, mudonthezere madontho awiri kapena atatu a mafuta a makina osokera mu bearing yapakati. Girisi ndi mafuta ophikira ayi.

MbaleZakale:
Ka 100 pa mphindi zitatu ndi sekondi imodzi. Koma ndikumva kulira kwa mmmm mu sipika komwe kale kunalibe, makamaka mkono ukamayandikira pakati pa mbale.

Chilomoni_HiFi:
Thiransifoma mwaiika pati?

MbaleZakale:
Pa shelefu yomweyo, kumbuyo kwa turntable.

Chilomoni_HiFi:
Ndi imeneyo. Cartridge, kabokosi kogwira singano kaja, ndi koyilo ndi maginito, imatulutsa ma millivolt atatu kapena asanu okha, ndipo phono stage, gawo lolandira mawu ochokera ku singano, imakulitsa chilichonse chomwe yatola. Thiransifoma ya alamu ndi yaikulu kuposa yakale, maginito ake amafika patali. Itsitseni pansi, mita imodzi kuchoka pa makina, ndipo nthambo yake isayende limodzi ndi mawaya a RCA. Zikakumana zidutsane mopingasa. Onaninso kawaya ka ground kuti kamangidwa pa GND ya ampulifaya, mwina kanamasuka potembenuza makina paja. Kulira kukachepa koma n'kumakulabe mkono ukafika pakati, ndi mota yomwe ikumveka, ndiye muone ngati timphira toipachika tili m'malo mwake ndipo mota siikukhudza thabwa.

MbaleZakale:
Ndaitsitsa pansi, kulira kwatha. Ground inali yomangika.

Alamu_Tech:
Thiransifoma za alamu zina zomangira zake za 230V zimakhala poonekera. Ngati yanu ili choncho, iikeni m'bokosi la pulasitiki la magetsi loboola timabowo topitira mphepo, nthambo zonse ziwiri zimangidwe ndi gland, chogwira nthambo pabowo la bokosi, kuti mwana akakoka asazule waya. Pulagi yake ikhale ndi fyuzi ya 3A, osati 13A imene imabwera m'mapulagi atsopano.

WaMawaya:
Ndipo kumbukirani kuti switch ya pa turntable imadula mbali ya 16V yokha, thiransifoma imakhalabe pamoto usana ndi usiku. Muzizimitsa pakhoma mukatha kumvera, makamaka magetsi akazima. Kapena idutse pa fridge guard, ija yodikira mphindi zingapo magetsi akabwera isanatsegule.

Kaunjika_Japan:
Ndatsegula pansi pa platter, pule yachiwiri ilipodi, yomangidwa ndi kasikuluwu, yalembedwa 50. Yakale imachoka bwanji? Ndikuopa kupinda shafti.

Singano33:
Pambali pake pali kasikuluwu kakang'ono, kamasuleni kaye, musakoke ndi pulayazi. Musanachotse yezani msinkhu wa yakale kuchokera pa thupi la mota, yatsopano ikhale pa msinkhu womwewo kuti lamba adutse pakati pa foloko yosinthira 33 ndi 45 osakhudza. Mukatha bwerani ndi nambala ya mphindi zitatu ija.